Bilu yakwera, khoma lanyowa, siling'i yatupa: muyambire apa musanaitane pulamba

Ndimayang'anira nyumba zitatu za amayi anga, ziwiri ku Chilenje imodzi ku Kabwata muno mu Lusaka, ndipo chaka chilichonse nkhani yake ndi imodzimodzi. Foni imalira usiku, "a landilodi, manje siling'i yagwa", ukafika m'mawa ukufunsa kuti zinayamba liti, munthu akuti aa kudontha kunayamba kale, tinangoika beseni. Miyezi itatu beseni lili pakolido, ana akulilumpha popita kusukulu. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi pa WhatsApp ndiye ndalemba zonse pano. Ine sindine pulamba ayi, koma ndalipira mapulamba okwanira mpaka ndinayamba kuima pambali n'kumayang'ana zomwe akuchita.

Pachizindikiro chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri, chosowa chili kumapeto.

ZINTHU ZIWIRI MUSANAPITIRIRE

Choyamba, pezani valuvu yotsekera madzi a nyumba yonse, ija amati stopcock. Nthawi zambiri ili pafupi ndi mita, kufupi ndi geti, ndipo nthawi zambirinso inakwiririka ndi dothi kapena wina anayikapo mapeva pamwamba. Ifukuleni lero, muyitseke muyitsegule, muone ngati ikuzungulira. Ngati yauma ndi dzimbiri musaikakamize ndi sipanala yaikulu, imathyoka, isintheni tsiku lomwe kulibe vuto. Aliyense m'nyumba adziwe pomwe ili, ndi wantchito yemwe, chifukwa paipi imakonda kuphulika abwana ali kutauni.

Chachiwiri, phunzirani kuwerenga mita. Manambala akuda ndi makyubiki mita, imodzi ndi malita 1,000. Ofiira ndi tizigawo ting'onoting'ono. Tsekani mapompi onse, pasapezeke wolowa kutoileti, ngati muli ndi thanki itsekeninso, lembani manambala onse kapena jambulani ndi foni. Dikirani ola limodzi mukaonenso. Ngati yayenda, madzi akutayika penapake. Kuyesa kumeneku kumagwira ntchito nthawi yomwe madzi alipo m'mapaipi basi, musayese tsiku louma n'kumati zili bwino.

Paipi ya kumsewu mpaka pamita ndi ya Lusaka Water, ikaphulika kauzeni iwo, musakumbe nokha komanso mita musaikhudze. Kuchokera pamita kulowa m'yadi ndi mutu wanu.

BILU YAKWERA KOMA SIMUNASINTHE KAGWIRITSIDWE

1. Toileti ikutaya madzi mwakachetechete. Ichi ndiye chigawenga chachikulu, sichinyowetsa pansi, sichisokosa, chimangodya ndalama. Tsegulani chivundikiro cha kathanki ka toileti, thiranimo utoto wa chakudya kapena tiyi wakuda bii wopanda mkaka, musagujumule, dikirani mphindi 20. Mtundu ukaoneka m'mbale ya toileti ndiye kuti kalabala ka pansi katha. Ngati madzi akufika pakamwa pa kapaipi ka ovafulo, kotaya madzi akadzadza mopitirira, n'kumatsikira momwemo, vuto ndi valuvu yolowetsa madzi kapena chibolo choyandama chakwera kwambiri. Zonsezi ndi zotchipa, tengani chakalecho mupite nacho kuhadiweya kuti akupatseni chofanana, musadalire kufotokoza ndi manja.

2. Thanki yapanja ikusefukira. Zimachitika usiku pomwe madzi abwera ndi mphamvu inu muli m'tulo. Yang'anani pansi pa sitandi m'mawa, ngati pali matope kapena ndere zobiriwira pamiyendo, valuvu ya chibolo sikutseka.

3. Paipi yapansi. Yendani kuchokera pamita mpaka panyumba mwezi wa Okutobala kuli gwa, malo omwe udzu wabiriwira wokha kapena dothi lafewa ndi pomwepo. Njira ina, tsekani valuvu yolowera m'nyumba ngati ilipo, mita ikapitirizabe kuyenda ndiye kuti vuto lili m'yadi.

4. Mapompi odontha. Ikani chigubu cha malita 20 pansi pake usiku, m'mawa mudzadzionera nokha.

5. Wina analumikiza paipi yake kwa inu. Sizichitikachitika koma m'mayadi okhala mabanja ambiri zimapezeka. Musanayambe mkangano ndi aneba, malizani kaye zinayi zapamwambazi, ine ndinatsala pang'ono kuchita manyazi ndi nkhani imeneyi, kunali toileti yakuseri yomwe palibe ankaigwiritsa ntchito.

POMPI IKUDONTHA OLO MUTSEKE BWANJI

Kawirikawiri ndi washa, kalabala kakang'ono kamkati. Tsekani madzi, tsegulani pompi kuti otsala atuluke, masulani mutu ndi sipanala, chotsani kakaleko muike katsopano ka saizi yomweyo, mapompi ambiri ndi hafu inchi. Tsekani bowo la sinki ndi kansalu musanayambe, tisikuluu timakonda kugwera mmenemo.

Mukasintha washa koma ikudonthabe, malo omwe washa imakhala adyeka kapena amanga zoyera zija. Lusaka yakhala pamiyala ya laimu ndi dolomite, ndiye madzi a m'zitsime zobowola ndi olimba, yang'anani mkati mwa ketulo yanu muone chikhokho choyera. Chomwecho chili m'mapompi, m'shawa, m'giza. Madzi ochokera ku Kafue ndi ofewerapo, koma nyumba zambiri masiku ano, makamaka kumalo atsopano ngati Chalala, zimadalira borehole.

Madzi akamatuluka pakhosi pa pompi mukatsegula, mangani pang'ono kanati ka pansi pa chogwirira. Ndipo chonde lekani kutseka pompi ngati mukupotokola khosi la nkhuku, ndi zomwe zimaphwanya washa. Kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga si kukonza, n'kogonera usiku umodzi.

MADZI AKUTULUKA PANG'ONOPANG'ONO

- Funsani kaye aneba. Ngati ndi dera lonse, palibe chokonza m'nyumba mwanu. Mapampu akuluakulu amafuna malaiti, tinaziona mu 2024 madzi atachepa kudamu la Kariba malaiti n'kumazimazima.
- Ngati ndi pompi imodzi kapena shawa yokha, kasefa ka kukamwa katsekeka ndi laimu kapena mchenga. Masulani, viikani mu viniga usiku wonse, tsukani ndi mswachi wakale.
- Valuvu ina ili yotsegula theka. Wina anaigwira n'kuiwala.
- Mpweya m'mapaipi madzi atangobwerera. Pompi imatsokomola, paipi imagunda khoma. Tsegulani mapompi onse pang'ono kuyambira wapansi kwambiri mpaka madzi aziyenda bwino.
- Mapaipi achitsulo akale. Nyumba zakale za khansala ku Libala, Kabwata, Chilenje zambiri zikadali ndi galvanised, mkati mwake dzimbiri linadzadza mpaka bowo latsala ngati la udzu. Chizindikiro chake madzi oyamba m'mawa amatuluka ofiirira. Palibe mankhwala, n'kusintha basi, ndipo musamasinthe kachidutswa kamodzikamodzi chifukwa mukagwira apa pamaboka apo. Sungani ndalama musinthe mzere wonse, ambiri pano akuika mapaipi apulasitiki obiriwira aja a PPR.

KHOMA LANYOWA, PENTI IKUTUPA KAPENA KUFUNDUKA

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe nyumba zimawonongekera, ndipo ndi pomwe anthu timanamizana ndi penti. Tenanti akutuluka, landilodi akupaka penti yatsopano pamwamba pa chinyezi, wolowa akusangalala, pakatha miyezi iwiri yatupanso.

Yambani ndi funso limodzi: kuseri kwa khomali kuli chiyani? Ngati kuli bafa kapena khitchini, mwapeza kale theka la yankho.

1. Mipata ya matayilosi m'shawa. Simenti yoyera yapakati pa matayilosi ikang'ambika, kapena silikoni ya m'mphepete mwa bafa ikafunduka, madzi amalowa tsiku lililonse munthu akamasamba. Yesani motere: pasapezeke wosamba mmenemo masiku anayi kapena asanu, chinyezi chikayamba kuuma ndiye si paipi yobweretsa madzi. Kokotani zakalezo, dikirani paume, ikani zatsopano. Gogodani matayilosi ndi chala, omwe akulira ngati ng'oma madzi anapita kale kuseri.

2. Paipi yotaya madzi pansi pa sinki. Tsegulani kabati, tulutsani mapoto ndi mabotolo onse, yalani nyuzipepala youma, dzadzani sinki mutsegule kamodzi. Pepala lidzakuuzani. Nthawi zambiri ndi nati ya pulasitiki yamasuka kapena kalabala kake kaphwanyika, kumanga ndi dzanja n'kokwanira. Makabati a chipboard akangomwa madzi amatupa ngati buledi ndipo sabwereranso.

3. Paipi ya madzi abwino mkati mwa khoma. Chinyezi chake sichiuma olo musiye kusamba, chimakula, ndipo mita imayenda mapompi ali otseka. Ngati malowo ndi ofunda mukagwira, ndi paipi ya madzi otentha. Ikani khutu pakhoma usiku kuli zii, nthawi zina mumamva kaphokoso ka siii. Apa itanani pulamba, musayambe kugumula ndi hamala mongoganizira, m'makoma omwewo mumadutsa mawaya.

4. Chinyezi chochokera pansi. Chimakhala m'munsi mwa khoma mozungulira, sichikwera kwambiri kupitirira mita imodzi, chimasiya zoyera ngati mchere ndipo chimakula nthawi ya mvula. Uku si kudontha kwa paipi. Madzi apansi ku Lusaka ali pafupi, a ku Kanyama ndi ku Chawama safunika kuuzidwa. Onani ngati dothi kapena maluwa akhudza khoma, ngati madzi a padenga akugwera pamaziko, ngati ngalande yatsekeka ndi mapulasitiki. Madzi aziyenda kuchoka panyumba.

5. Denga. Ngati chinyezi chayambira pamwamba ndipo chimaoneka mvula ikagwa basi, kayang'aneni malata ndi magata.

Khoma lonyowa limaitana chiswe, chiswe chimadya mafelemu a zitseko ndi mitengo ya denga. Ndipo nkhungu yakuda ija imabanikitsa ana ndi odwala mphumu, musagoneke mwana m'chipinda chonunkha chuku.

SILING'I YATHIMBIRIRA, KAPENA GIZA IKUCHITA ZACHILENDO

Giza ya malita 150 ndi makilogalamu 150 a madzi otentha ali pamwamba pa mutu wanu, pathabwa. Ku Kabwata kuja inagwetsa siling'i ya pakolido nthawi ya 2 koloko usiku, mwayi panalibe wodutsa. Nditakwera m'mawa ndi tochi ndinapeza thireyi yolandira madzi inalipo, koma kapaipi kake kotulutsira panja kanali kotsekeka ndi chisa cha mavu, ndiye madzi anadzadza n'kusefukira pamabolodi, ndipo mabolodiwo anali ofewa ngati phala, chala chimangolowa.

Mukaona banga lachikasu pasiling'i, kapena yatupa ngati mimba:
- zimitsani giza pabokosi la magetsi, ndi malaiti a chipinda chimenecho
- tsekani madzi
- chotsani katundu ndi anthu pansi pake
- tsegulani pompi ya madzi otentha kuti mphamvu ya mkati itsike

Zoyambitsa, kuyambira chofala:

1. Malumikizidwe a mapaipi pagiza akudontha. Amakonzeka.
2. Valuvu yochepetsa mphamvu. Kudontha pang'ono pakapaipi kapanja giza ikamatenthetsa n'kwabwinobwino, madzi akatentha amafufuma. Koma ngati akuyenda osalekeza, valuvu yatha. Musatseke kapaipi kameneko ndi chitsekerero, olo wina akuuzeni kuti akukupulumutsirani madzi. Ndi pomwe giza imapumira, mukatseka ikhoza kuphulika.
3. Labala ya pa elementi, chitsulo chotenthetsa madzi chija, yatha, madzi akutulukira pafupi ndi mawaya. Osagwira.
4. Thanki yeniyeniyo yaboka ndi dzimbiri. Palibe kuwotcherera, n'kugula ina.

Madzi akamatuluka otentha mopitirira, ndi nthunzi, thermostat, kachipangizo kozimitsa giza madzi akatentha mokwanira, yafa, zimitsani pompo. Imayenera kukhala cha pa madigiri 55 mpaka 60. Giza ikamalira ngati mphika wa nyemba, ndi laimu wamanga pa elementi. Ndipo madzi akapita, zimitsani giza, elementi ikayaka mopanda madzi imapsa, anthu ambiri ataya ndalama chifukwa malaiti abwera madzi kulibe.

Kwerani m'denga ndi tochi kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi ikatha. Pondani pamitengo osati pamabolodi.

THANKI NDI PAMPU

Pampu ikamayaka n'kuzima yokha palibe watsegula pompi, penapake pakudontha, bwererani kutoileti muja. Ikamalira koma madzi osatuluka, thanki yauma kapena yakoka mpweya, izimitseni msanga isanapse. Kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatha n'kotchipa kuposa pampu yatsopano.

Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 5,000 ikadzadza ndi matani 5 pamiyendo inayi yachitsulo. Yang'anani m'munsi mwa miyendoyo pomwe yalowa musimenti, dzimbiri limayambira pamenepo makamaka thanki ikamasefukira. Sitandi ikapendekeka olo pang'ono, tulutsani madzi, ana asasewere pansi pake, itanani owotcherera. Chivundikiro chizikhala chotseka, zomwe ndinapezamo m'thanki ina sindilemba pano mwina wina akudya.

SINKI KAPENA BAFA SIKUMEZA MADZI

Ngati ndi malo amodzi okha, vuto lili pafupi. Kukhitchini ndi mafuta ndi makoko a nsima, nsima ikalowa m'paipi imalimba ngati simenti ndithu. Kubafa ndi tsitsi ndi sopo. Yambani ndi plunger, chimphira cha pandodo chopopera paipi yotsekeka, mutatseka kabowo ka ovafulo ndi nsanza yonyowa. Zikakanika ikani ndowa pansi, masulani paipi yopindika ija ya pansi pa sinki, kokotani, bwezerani. Kenako pitani panja pagale, pomwe mapaipi amathira, nthawi zambiri pamakhala masamba, mchenga ndi timapepala ta maswiti.

Za caustic soda, ine sindikonda. Imawotcha khungu ndi maso, ndipo ikakanika kutsegula imatsala m'paipi kudikira manja a pulamba. Ngati mwathira, muuzeni asanagwire. Musasakanize Jik ndi mankhwala ena alionse otsukira toileti, mpweya wake ndi poizoni.

TOILETI IKUBWEZA, KAPENA PANJA PAKUNUNKHA

Mukagujumula toileti madzi n'kutumphukira m'shawa, kapena sinki n'kumalira kuti gulugulu, vuto lili papaipi yaikulu ya panja.

1. Zinthu zosayenera kulowamo: matewera, mapadi, mawaipsi, nsanza, nyuzipepala. Tsegulani zivundikiro za mamanhole kuyambira kufupi ndi nyumba. Kutsekeka kuli pakati pa yodzadza ndi youma.
2. Sepitiki thanki yadzadza. Itanani galimoto yopopa yovomerezeka. Ngati mwapopa koma pakatha milungu yochepa yadzadzanso, sokawe, dzenje lomwe madzi a m'sepitiki amalowera m'dothi, yafa kapena madzi apansi akwera, zofala mu Januwale ndi Febuluwale. Kupopa mobwerezabwereza sikuthetsa zimenezo.
3. Mizu. Mango ndi mapeyala obzalidwa pafupi ndi paipi amatsata chinyezi n'kulowa polumikizira. Ngati kutsekeka kukubwerera pamalo amodzimodzi, ndi mizu kapena paipi yaphwanyika, mwina galimoto imaimikidwa pamwamba pake.
4. Paipi yaikulu ya mumsewu, kwa omwe muli pasuweji. Aneba nawonso amakhala akudandaula, kanenani kukampani ya madzi.

Fungo lokha popanda kutsekeka, kawirikawiri ndi bafa lomwe silikugwiritsidwa ntchito, madzi a m'paipi yopindika anauma ndiye mpweya wa suweji ukulowa. Thiranimo jagi imodzi ya madzi. Likapitirira onani paipi yopumira ija yokwera padenga, mbalame zimamangamo.

Munthu asalowe musepitiki thanki, olo foni igweremo, olo ikhale yopopedwa kale. Mpweya wa mmenemo umakomola munthu asanakuwe, ndipo wolowa kukamupulumutsa amatsalanso momwemo.

MADZI ABWERA AKUDA KAPENA AKUNUNKHA

Ofiirira kwa mphindi zochepa madzi atangobwerera, ndi dzimbiri ndi matope a m'mapaipi, asiyeni ayende m'ndowa mukathirire maluwa. Oyera ngati mkaka koma akuyera okha mukawasiya m'tambula, ndi mpweya chabe.

Koma akamanunkha chimbudzi musamwe. Paipi yoboka sikuti imangotulutsa madzi, madzi akapita imayamwanso zomwe zili m'dothi moizungulira, ndiye ngati yadutsa pafupi ndi sokawe kapena chimbudzi chokumba mwadziwa chomwe chikulowa. Kolera ya kumapeto kwa 2023 mpaka 2024 tonse tikuikumbukira, Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegula. Wiritsani kapena thirani klorini, kanenani, ndipo a borehole kayezetseni madzi kulabu makamaka ngati sepitiki yanu kapena ya aneba ili pafupi, miyala ya kuno ili ndi ming'alu, zonyansa zimayenda patali.

APA SIYANI ZONSE MUITANE WODZIWA

- Pompi kapena shawa ikukugwirani shoko olo pang'ono. Zimitsani magetsi onse pabokosi, pasapezeke wosamba, itanani wa zamagetsi osati pulamba.
- Madzi afika pasoketi, pababu kapena pabokosi la magetsi.
- Chilichonse chofuna kutsegula giza.
- Mng'alu pakhoma ukukula, chitseko chayamba kukana kutseka, kapena pansi patitimira pafupi ndi pomwe pakudontha. Madzi akukokolola dothi pansi pa maziko, pakufunika injiniya.
- Suweji yalowa m'nyumba.
- Mita ikuyenda koma mwafufuza ponse osapeza.

Pulamba akabwera muuzeni akuonetseni pomwe pakudontha asanagumule, mugwirizane mtengo asanayambe, zida zakale azisiye muzione, ndipo musamalize kulipira madzi asanabwere kuti muyese. Jambulani mapaipi asanapake pulasitala, mudzathokoza tsiku lomwe mukufuna kukhoma msomali.

Kwa matenanti, jambulani chithunzi tsiku loyamba lomwe mwaona banga mutumize kwa a landilodi pa WhatsApp, deti limatsala pamenepo, tsiku lokambirana za dipoziti simudzakangana. Anga a ku Kabwata pano amanditumizira ngakhale dontho limodzi, sabata yatha ananditumizira vidiyo ya pompi yapanja nthawi ya 5 koloko m'mawa, ndinapita ndi washa m'thumba.